Bokosi Lomwe Linapsereza Tiyi

Ndinasaina pepala lija nditaimirira, ndi cholembera cha bwana injiniya. Linali ndi mizere itatu yokha. Linkanena kuti ine, mmisiri wa zamagetsi pa fakitale, ndayeza bokosi loyang'anira kutentha kwa makina oumitsira tiyi ndipo ndapeza kuti lili bwinobwino. Masana a tsiku lomwelo, munthu amene anayamba kugwira ntchito pa makina amenewo ine ndisanabadwe anachotsedwa ntchito. Imvi zandidzadza m'mutu tsopano, koma ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwirabe.

Inali esiteti ina ya tiyi m'tsinde mwa phiri la Mulanje, nthawi ya chipani chimodzi, zaka zomwe nkhondo ya ku Mozambique inkathamangitsira anthu kuno kudzera ku Muloza. Ndinali nditangokwatira kumene, tikukhala m'nyumba ya kampani ku malayini a amisiri. Ntchito yanga inali mamota, maswitchi, mafyuzi ndi mababu. Kusukulu ya zaumisiri ndinaphunzirako pang'ono za timakina tatsopano towerenga ndi kulamula tokha, ndipo ndinkazikonda, koma pa fakitale panalibe amene ankafuna kumva zimenezo.

Chipinda choumitsira tiyi tinkachitcha kuti ku moto, ndipo amene ankayang'anira kumeneko tinkangowaitana kuti Madala. Anali aafupi, a mapewa otambalala, nsidze zitathothoka ndi kutentha. Makolo awo anawoloka malire kalekale nthawi ya thangata, iwo n'kubadwira pa esiteti pomwepo. Chichewa chawo chinkamveka Chilomwe, ndipo akakwiya ankachisiyiratu Chichewacho. Ntchito yawo inali yotere: tiyi wonyowa amalowa mbali ina ya makina, mpweya wotentha wochokera ku ng'anjo ya nkhuni za bulugamu n'kumamuuzira, tiyiyo n'kutulukira mbali inayo ali wakuda ndi wouma. Mpweya ukachepa kutentha, tiyi amachita chuku m'matumba. Ukapitirira, amapserera, ndipo palibe amene angamugule. Pakati pa ng'anjo ndi makinawo panali chitseko chachitsulo chotsegula ndi chiwongolero chamanja. Madala ankatapa tiyi wotuluka, kumufinya pafupi ndi khutu, kumununkhiza, kenako n'kupotoza chiwongolero chija pang'ono. Sindinawaonepo akuyang'ana kagalasi koyezera kutentha komwe kanali pakhoma.

Nditangofika kumene, ndili ndi satifiketi yatsopano ndi matama ake, Madala ndi amene anandilandira. Ankaotcha chinangwa pa chitsulo cha ng'anjo n'kumandigawira nthawi ya nkhomaliro, masiku ena ndi kalongonda wophika mayi a kunyumba kwawo. Ankanditcha kuti amisiri, ngakhale ndinali msinkhu wa mwana wawo. Tsiku lina anandiuza kuti mota ya fani yaikulu ikudwala, pamene mita yanga yoyezera magetsi inkati ili bwino. Ndinaseka. Patatha masiku atatu mota ija inaima, m'kati mutaphwanyika. Sanandikumbutsepo.

Kenako kunabwera bokosi. Linachokera kunja, lotuwa, kukula kwake ngati sutikesi, lokhala ndi kawindo koonetsa manambala ofiira. Linali ndi kandodo kachitsulo kolowetsa mu paipi ya mpweya kuti kazimva kutentha, ndi kamota kotsegula ndi kutseka chitseko chija. Kutsogolo kwake kunali timaswitchi tosankhira kutentha kofunika. Tsiku lolitsegulira kunabwera akuluakulu a chipani ochokera pa boma, amayi anavina atavala nsalu za chipani, ndipo wina anayankhula nthawi yaitali kuti bokosi limeneli ndi chitukuko chomwe mtendere wa dziko lino watibweretsera. Ine ndinaima kumbuyo nditagwira waya wa chokuzira mawu kuti asazuke. Kuyambira tsiku limenelo, kunena zoipa za bokosilo kunali chimodzimodzi kunena zoipa za amene analitsegulira.

Miyezi ya chilimwe linagwira bwino ntchito. Madala ankangokhala pa benchi manja ali pamaondo, n'kumatapabe tiyi mwa chizolowezi. Mavuto anayamba mvula itakhazikika, masamba atachuluka, makina akuyenda kuyambira m'mawa osapuma. Cha m'ma thuu koloko masana, nambala ya pakawindo inkatsika mwadzidzidzi, bokosi n'kutsegula chitseko chonse poyesa kuti kwazizira. Ulendo woyamba Madala anamva fungo, anathamanga, n'kubweza chitseko ndi manja. Tiyi anapulumuka. M'malo mowathokoza, bwana injiniya anawakalipira pamaso pa anthu kuti akulimbana ndi makina omwe sakuwadziwa, n'kulamula kuti chiwongolero chamanja chimangidwe ndi unyolo ndi loko. Amene anakatenga lokoyo ku sitolo ya zipangizo ndine.

Patapita masiku anayi tiyi anapsa. Utsi unafika mpaka kolongedzera. Madala anakoka unyolo uja mpaka zikhatho zinasupuka, akukuwa m'Chilomwe, koma kiyi anali m'thumba la bwana injiniya, amene anali kunyumba kukadya.

M'mawa mwake, seveni isanakwane, bwana injiniya anandiitana.

"Iwe, kayeze bokosi lija. Usalitsegule, lili ndi chidindo cha eni ake. Ungoyeza magetsi olowa ndi kandodo kaja."

Ndinapita. Makina anali ozizira, ng'anjo asanakoleze. Magetsi olowa anali okwanira. Kandodo ndinakaviika m'madzi ofunda pamodzi ndi kagalasi koyezera, manambala n'kufanana. Ndinabwerera n'kunena zomwe ndinaona. Pepala ndinalipeza atalitaipa kale.

Kenako anaitana Madala mu ofesi, ine n'kuuzidwa kuti ndikhale pomwepo ngati mboni. Munalinso kalaliki wa ku sitolo, amene anali tcheyamani wa nthambi ya chipani pa esiteti. Mlandu unali woti Madala anasolola dala kandodo kaja mu paipi kuti bokosi liyese kuti kwazizira.

"Sindinakakhudze ine, bwana," anatero Madala, chipewa chili m'manja. "Bokosi lija likunama. Likati kwazizira, kumakhala kukutentha."

Tcheyamani anaika cholembera pansi. "Mwati likutani?"

"Likunama."

"Lomwe anadzatsegulira akuluakulu lija? Ndiye kuti iwonso ndi abodza?"

"Sindinatchule munthu ine."

"Timakudziwani inu Anguru. Chitukuko simuchifuna. Abale anu akuphwanya milatho ndi masukulu kwanuko, inu mwati muyambe kuno?"

"Kwathu ndi kuno, bambo. Ndinabadwira pa layini yakumunsi, pomwe mwamanga mabafa paja."

Atatero Madala anatembenuka n'kundiyang'ana. "Amisiri, inu mumadziwa za magetsi. Auzeni."

Ndinayang'ana pansi. Bwana injiniya anakweza pepala lija n'kunena kuti amisiri anena kale. Sindinatsegule pakamwa. Ndinali ndi mkazi woyembekezera ndi nyumba ya kampani, ndipo ndinkadziwa anthu amene anatengedwa pa galimoto chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo. Zifukwa zimenezi ndakhala ndikudzibwerezera kwa zaka zambiri, ndipo sizinandithandizepo.

Anawapatsa masiku atatu kuti atuluke m'nyumba. Tcheyamani anawauza kuti athokoze kuti nkhaniyi siipita patali.

Tsiku lomwe ankasamuka, mkazi wanga anakathandiza mayi a kunyumba kwa Madala kumanga katundu, pakuti ankaimba limodzi kwaya kutchalitchi. Anabwerako maso ali ofiira, n'kundipeza ndikupopa njinga pakhonde.

"Ati anayeza ndinu," anatero.

"Ndinayeza. Linali bwino."

"Munayeza nthawi yanji?"

"M'mawa."

"Tiyi amapsa nthawi yanji?"

Ndinapitiriza kupopa njinga.

"Ine sindinapite kusukulu ya magetsi, bambo, koma mwana amene amatentha thupi masana simumukhudza m'mawa n'kunena kuti sakudwala."

Analowa m'nyumba. Ndinamukwiyira tsiku lonse, chifukwa ankanena zoona.

Ku moto anaikako munthu wina wochokera kosefera tiyi. Sipanathe masabata awiri, tiyi anapsanso, nthawi yomweyo ya masana, kandodo kali m'malo mwake, ndipo ulendo uno anali atachita kukamanga ndi mabawuti. Ndinkayesa kuti tsopano atuma munthu kukaitana Madala. Chomwe chinachitika n'chakuti bwana injiniya anachotsa loko uja mwakachetechete, n'kuuza munthu watsopanoyo kuti akamva fungo azibweza chitseko ndi manja. Chomwe anakalipira nacho Madala pamaso pa anthu chinasanduka lamulo, ndipo panalibe amene anachita nazo manyazi.

Ndinapita ku ofesi. Ndinapempha kuti andilole kutsegula bokosi, andibwereke buku lofotokoza za bokosilo ndi sikopu, makina a galasi aja oonetsa mmene magetsi akudumphira mu waya. Zonse ziwiri zinali mu kabati kumbuyo kwa mpando wake, sikopuyo ikadali m'pulasitiki momwe inabwerera.

"Katswiri abwera kuchokera kunja mvula ikatha," anatero osadzutsa mutu. "Ukadula chidindo, eni ake sadzalikonzanso. Iwe ntchito yako ndi mababu. Kolongedzera kwapsa awiri."

Lolemba fakitale sinkayenda, chifukwa Lamulungu sathyola tiyi. Anthu ankatsuka makina, bwana injiniya n'kupita ku Blantyre. Lolemba lotsatira ndinatenga ketulo yamagetsi, mita yanga ndi babu lalikulu la waya wautali, n'kulowa ku moto. Ndinamasula kandodo kaja n'kukaviika m'madzi owira. Madzi akayamba kuwira kutentha kwake sikukwera, sikutsikanso. Kumakhala pomwepo mpaka aphwe. Kawindo kanaonetsa 98. Ndinapachika babu loyaka kuti likhudze chitsulo cha bokosi, litenthe ngati masana, n'kumawonjezera madzi otentha mu ketulo ndikudikira. Nthunzi inkakwera m'mbali mwa bokosi ngati chinyezi cha tsiku la mvula. Patatha pafupifupi ola, nambala inagwa pa 66. Madzi akuwirabe, kandodo kali momwemo. Inabwerera pa 98, n'kugwanso pa 66. Sinaime pa 90 kapena pa 70 ngakhale kamodzi.

Ndinakhala pa benchi la Madala. Kandodo kowonongeka kamasochera pang'onopang'ono, sikadumpha ndi mlingo womwewo nthawi zonse. Nambala imeneyi inkachoka ku kandodo ili yolondola n'kukawonongekera panjira, m'kati mwa bokosi. Ndinatenga pulayala n'kudula chidindo.

M'kati munali mabolodi awiri obiriwira olumikizana ndi pulagi ya mapini ambiri, lina kumbuyo, lina kuseri kwa timaswitchi. Onse anali ndi fumbi la tiyi lomata ngati phala. Pa mabolodiwo panali maayisi, timiyala takuda ta miyendo yambiri tomwe okonza mawailesi amatidziwa. Yaikulu, ya pa bolodi lakumbuyo, ndiyo inali mutu woganiza. Pambali pake panali yaing'ono yosandutsa kutentha kwa kandodo kukhala nambala. Ina yaing'ono inali pa bolodi lakutsogolo, yowerenga timaswitchi. Ndinayamba kulondola tinjira tamkuwa ndi mita, mwendo ndi mwendo, n'kumajambula pa pepala lomwe ndinang'amba ku thumba la tiyi. Buku lomwe likanandiuza zonsezi m'mphindi zochepa linali mu kabati yokhoma, pamtunda woti mwala ukanafika nditaponya.

Chomwe ndinapeza n'chakuti ayisi yaikulu inkayankhula ndi aang'ono awiriwo pa mawaya atatu omwewo. Wina anali wa koloko, wogunda kuti zonse ziyendere limodzi. Wina anali wotumizira mawu. Wachitatu anali woyankhira, ndipo onse awiri ankayankhira pa waya mmodzi yemweyo. Kuti asayankhe pamodzi, ayisi iliyonse inali ndi waya wakewake woitanira. Wayayo akakhala ndi mavoliti asanu, ayisi imakhala chete. Mutu ukamugwetsa pa ziro, ndiye kuti yaitanidwa, iyankhe.

Poyamba ndinakayikira ayisi ya kutentha. Ndinaidonthezera sipiriti kuti izizire, nambala osasintha. Ndinakayikira magetsi odyetsa bolodi, koma anali mavoliti asanu ndithu, osagwedera. Ndinayatsa ndi kuzimitsa fani yaikulu kuti mwina mota ikusokoneza mawaya, koma ayi. Ndili pakati pa zimenezi, munthu watsopano wa ku moto uja anatulukira pakhomo ndi tsache. Anayang'ana bokosi lotsegula, anayang'ana chidindo choduka chili pansi, n'kutembenuka kukasesa kwina. Sanauze munthu, ndipo sitinakambiranepo. Dzuwa linapendeka ndisanapeze kanthu. Ndinatseka bokosi, n'kumata chidindo ndi guluu kuti chisaoneke, ndili ndi mantha oti andigwira, komanso oti mwina bwana ananena zoona kuti ine ndi wa mababu.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita pa boma kwa mnzanga wokonza mawailesi. Anali ndi buku la maayisi lopanda chikuto, masamba ena atadyedwa ndi chiswe. Tinaipeza ya timaswitchi ija, ndipo mwendo wake woitanira unali wa khumi. Anandibwereka kachomvera m'khutu ka wailesi, n'kukalumikiza kutsogolo ndi kakondensa, kachipangizo kakang'ono ka mu wailesi, kuti ndisaotche kanthu.

"Sikopu ya ife amphawi ndi imeneyi," anatero. "Bwana wanu akudziwa?"

"Ayi."

"Ndiye akakugwirani, achimwene, shopu yanga musaitchule."

Lolemba linalo ndinayambiranso: ketulo, babu, kudikira. Ndinaika kachomvera m'khutu n'kukhudza waya wa koloko. Kunkamveka krr, krr, krr, mosaphonya. Waya wotumizira ankamvekanso bwino. Mawaya awiri oitanira aja ankagunda mosinthana, aliyense pa nthawi yake. Pa waya woyankhira pankamveka mawu awiri olandirana, ena aatali, ena aafupi. Ndinawamvetsera mpaka ndinawaloweza.

Nambala itagwa pa 66, mawu aatali aja anasasa. Ndinabwerera ku koloko, ali bwino. Ndinakhudza pa mutu woganiza, pomwe waya woitanira ayisi ya timaswitchi amayambira, akugunda bwino. Ndinamutsatira mpaka pa pulagi, mbali ya bolodi lakumbuyo, akugundabe. Mbali inayo ya pulagi kunali zii. Ndinaika mita pa mwendo wa khumi uja. Kamuvi kanali pafupi ndi ziro, kakungogwedera.

Ndinasendeza babu pafupi n'kuyang'anitsitsa. Pa pini imodzi ya pulagi, mtovu wowotcherera unali ndi kamng'alu kozungulira, kopyapyala kuposa tsitsi. Kukazizira kankatsekeka. Chitsulo chikatentha n'kufutukuka kankatseguka, mwendo wa khumi n'kutsala wopanda woulamula, ndipo fumbi lonyowa lija linkaukokera pa ziro. Ayisi ya timaswitchi inkayesa kuti yaitanidwa, n'kumayankha osaleka pamwamba pa inzake yonena kutentha. Mutu woganiza unkalandira nambala yoduka, n'kutsegulira moto. Nditakanikiza pini ija ndi kamtengo ka machesi, kawindo kanabwerera pa 98. Nditasiya, 66. Ndinachita zimenezi mwina kakhumi, ndikutukwana ndekha.

Koma chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri ndinachiona pambuyo pake. Pafupi ndi mwendo wa khumi panali timabowo tiwiri topanda kanthu, pakati pake atajambula ndi utoto woyera malo a lezisita, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi. Amene analinganiza bolodilo ankadziwa kuti waya ameneyu afunika lezisita yomugwira pa mavoliti asanu, kuti ngakhale aduke ayisi izikhala chete. Malo anasiya, koma opangawo sanaiikemo. Ndi kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga. Ndinazula ina mu wailesi yakufa yomwe inali m'chipinda chathu cha amisiri, kuiwotcherera pamalo pake, kuwotchereranso pini ija, n'kutsuka fumbi ndi sipiriti. Kukonza konse kunatha madzi a mu ketulo asanazizire. Ndinatenthetsanso bokosi mpaka nthawi yoweruka, nambala osasuntha.

Lachiwiri ndinalowa mu ofesi ndi pepala langa la thumba la tiyi, n'kufotokoza zonse. Bwana injiniya sanali mbuli. Anaphunzira kuposa ine, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti wamvetsa ndisanafike pakati. Analondola mizere ija ndi chala mpaka pa mwendo wa khumi.

"Wadula chidindo," anatero.

"Ndadula, bwana. Madala sanalakwe."

"Wauza ndani?"

"Palibe."

"Zikhale choncho. Kalata ya mlandu wa Madala inapita kale ku likulu la kampani, ina ku ofesi ya chipani. Ukufuna ndilembe kuti tcheyamani ananama? Nanga pansi pa kalatayo pali pepala la ndani? Ngati bokosi linali lowonongeka, ndiye kuti woyamba kunama ndiwe."

"Ndivomera kuti ndinalakwitsa."

"Uvomera kwa ndani? Mkazi wako achira mwezi uti?" Anapinda pepala langa la thumba la tiyi lija n'kuliponya mu kabati. "Pita kuntchito."

Ndinatuluka. Kuseri kwa ng'anjo ndinamenya mulu wa nkhuni ndi sipanala mpaka dzanja linatupa, osonkha moto akungondiyang'ana.

Tiyi sanapsenso. Katswiri anabwera mvula itatha, mzungu wamtali wa kabudula. Atatsegula bokosi anaiona lezisita yanga nthawi yomweyo, n'kumwetulira, n'kunena m'Chingerezi kuti zili bwino, ndiye kuti kalata yawo tinailandira. Anati mabokosi ena anatuluka opanda kanthu kameneko, ndipo iwo analembera ogula onse mvula isanayambe. Bwana injiniya anayankha msangamsanga kuti inde, tinakonza tokha, n'kumutengera ku ofesi kukamwa tiyi. Ine ndinali nditaima pambali nditagwira tochi. Kaya kalatayo inasochera ku positi, kaya inali mu kabati muja pamodzi ndi buku, sindidziwa mpaka lero. Ndinafunsa kamodzi, ndipo ndinauzidwa kuti Chingerezi cha azungu ndinachimva molakwika.

Mwana wathu atabadwa, mkazi wanga anandiuza komwe kunali Madala. Ankakhala kwa mwana wawo wamkazi kufupi ndi Likhubula, n'kumasenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri, ku Chambe. Ndinapitako Loweruka lina pa njinga. Ndinadikira pomwe njira ya kuphiri imatsikira, ndipo chakumasana ndinawaona pamzere wa anthu, thabwa lalitali lili pamutu, mapazi opanda nsapato akufufuza poponda m'miyala. Khosi linali litawonda. Anatula thabwa n'kukhala pamwamba pake, n'kundipatsa moni ngati palibe chinachitika. Anafunsa za mwana. Kenako ndinawafotokozera za kamng'alu, za maayisi awiri oyankhula pamodzi, ndi za timabowo topanda kanthu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akupukuta thukuta ndi nkhata.

"Ndiye linkanama," anatero.

"Linkanama, Madala. Ndinakulakwirani."

"Ku malayini mwawauza? Mwana wanga wamwamuna akadathyola tiyi komweko. Anzake amamutcha mwana wa chigawenga."

"Sindinawauze."

"Ndiye mwapalasa njinga ulendo wonsewu, amisiri, kudzauza munthu mmodzi yekhayo amene ankadziwa kale."

Sanakweze mawu. Anaimirira n'kundipempha kuti ndiwasenzetse. Thabwa lija linali lolemera moti polikweza ndinadzandira.

Ndikanakonda kunena kuti Lolemba lake ndinaima pakati pa fakitale n'kuulula. Sindinatero. Ndinangouza mkazi wanga zonse, kuphatikizapo za kalata ya mzungu. Iye anauza amayi a kwaya, ndipo sabata isanathe nkhani inali pa mpopi uliwonse wa ku malayini. Tcheyamani anandiitana, n'kuitanitsa khadi langa la chipani, n'kulitembenuza nthawi yaitali ngakhale linali la chaka chomwecho. Anati munthu wolephera kutseka pakamwa pa mkazi wake sangadaliridwe pa makina. Mawa lake bwana injiniya anandisamutsira ku mapampu a madzi kumtunda kwa esiteti, komwe ndinakhala zaka zingapo ndikungopaka girisi ndi kuchotsa zinyalala m'masefa. Ku moto sanandilolenso kulowa. Mkazi wanga sanapepese kwa munthu, ndipo sindinamuuze kuti apepese.

Madala anamwalira chipani chisanagwe, atadwala chifuwa nyengo ya chiperoni. Tinapita kumaliro tonse awiri. Kampani inatumiza thirakitala yodzaza nkhuni, ndi tcheyamani uja kuti ayankhule m'malo mwake. Anaimirira pamaso pa anamfedwa atavala jekete, n'kunena kuti malemuwa anali wantchito wokhulupirika, anatumikira esiteti moyo wawo wonse, ndipo anapuma ntchito mwaulemu. Anthu ena ankayang'ana ine. Mwana wa Madala wamwamuna anali atawerama, akuthyolathyola kaudzu. Ndinadzuka mawuwo ali m'kati, n'kudutsa pakati pa amuna okhala pansi. Mkulu wina wa mpingo anandigwira mkono kuti ndikhale, chifukwa kuchoka pamaliro munthu akuyankhula n'kupanda ulemu, koma ndinauchotsa mkonowo. Ndinakaima kumsewu pafupi ndi njinga mpaka inayamba nyimbo yopitira kumanda, ndipo m'pamene ndinabwerera. Kumanda ndinapempha khasu n'kuyamba kukwirira nawo, osapatsa mnzanga monga amachitira ena, mpaka adzukulu okumba manda anachita kundilanda.